LAMYA IRI M'MANJA MWATHU, NANGA MALAMULO AKE TIWADZIWA?

M'dziko lathu la Zambia lamya yasanduka ngati khasu: mabanja oculuka ali nayo, ndipo tsiku limene yasowa nchito zambiri ziima. Mai wogulitsa ndiwo pa msika wa Soweto mu Lusaka alandira malipiro ake pa lamya. Mlimi wa ku Lundazi ayamba wafunsa mtengo wa nshawa ku Chipata asanakweze matumba pa motoka. Mwana amene agwira nchito ku Kitwe atumiza ndalama za mankhwala kwa amai ake ku Petauke, ndipo ndalamazo zifika madzi a nsima asanawire.

Zonsezi tazizolowera kotero kuti sitidabwa nazonso. Koma ndi angati mwa ife anakhalapo pansi ndi kufunsa kuti: kodi ndani apereka cilolezo kwa makampani a lamya? Ndani aona ngati mitengo yao ndi yoyenera? Ndani ali ndi mphamvu yomvetsera zimene mwamuna akamba ndi mkazi wake, kapena yotseka intaneti m'dziko lonse? Mayankho ake ali m'malamulo amene aphungu athu akhala akupanga ku Manda Hill kuyambira caka ca 1994. Tikawalondola malamulowa tiona kuti poyamba funso lalikulu linali lakuti, ndani aloledwe kugulitsa nchito ya lamya, ndipo yankho lake ndilo linatibweretsera lamya m'mudzi. Lero funso lasintha. Tsopano ndi lakuti, ndani aloledwe kumvetsera ndi kutseka, nanga wopatsidwa mphamvuyo ayang'aniridwa ndi yani? Funso laciwirili likali kudikira yankho lokhutiritsa, ndipo likhudza banja lirilonse.

MASIKU A PTC

Akuluakulu akumbukira bwino masiku a PTC. Bungwe limeneli, dzina lake lonse Posts and Telecommunications Corporation, linakhazikitsidwa ndi boma mu 1975 kuti lizinyamula makalata ndi kuyendetsa malamya. Caka cimodzi m'mbuyo mwake, mu 1974, dziko linatsegula siteshoni ya Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, imene mbale yake yaikulu inayamba kutilumikiza ndi maiko akutali kudzera m'makina oyenda m'mlengalenga. Cinali cinthu conyaditsa kwa dziko limene linali litangokwanitsa zaka 10 za ufulu.

Komabe lamya inali ya anthu owerengeka. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, malamya onse a nthambo m'dziko muno anali asanafike 100,000, ndiye kuti anthu oposa 100 anali kudalira lamya imodzi. Ambiri mwa malamyawo anali m'maofesi a boma, m'migodi ndi m'matauni a m'mbali mwa njanji, kucokera ku Livingstone kufika ku Copperbelt. Wofuna lamya ya pa nyumba anali kulembetsa dzina ndi kudikira zaka. Munthu wa ku Chama kapena ku Chadiza akafuna kudziwitsa abale za maliro, anali kuyenda ulendo kupita ku positi kukatumiza telegalamu, kapena kupereka uthenga kuti ukalengezedwe pa wailesi, ndipo nthawi zambiri wacibale anali kufika dothi la pa manda litauma kale.

Gwero la bvutoli linali lamulo. Panalibe munthu kapena kampani ina imene inali kuloledwa kupikisana ndi PTC. Bungwe limodzi lomweli linali wogulitsa, woika mitengo, ndiponso womva madandaulo. Lamya ikafa, munali kukadandaula kwa yemwe walephera kuikonza. Mlandu wa mbuzi ukaweruzidwa ndi fisi, tonse tidziwa mathero ake.

CAKA CA 1994: WOSEWERA ALEKANA NDI WOIMBIRA

Boma la MMD, motsogozedwa ndi a Frederick Chiluba, litalowa mu 1991, linayamba kutsegula cuma ca dziko kuti makampani omwe si a boma atengeko mbali. Mu 1994 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lochedwa Telecommunications Act. PTC inagawidwa pawiri: Zampost inatenga makalata, Zamtel inatenga malamya. Koma cinthu cacikulu koposa m'lamuloli cinali kubadwa kwa bungwe latsopano loyang'anira, la Communications Authority. Monga pa bwalo la mpira wosewera sakhalanso woimbira, Zamtel inakhala wosewera cabe, ndipo kherere inaperekedwa kwa wina.

Nchito ya bungwe loyang'anira ndi yofunika kuimvetsa. Lamya ya m'manja iyenda pa mafunde osaoneka a m'mlengalenga, omwewo amene anyamula mau a wailesi. Mafundewa ndi cuma ca dziko lonse ngati malo kapena mtsinje, ndipo ali ndi malire: makampani awiri akagwiritsa nchito funde limodzi pa malo amodzi, mau asokonezana. Conco pafunika wina wogawa mafundewo monga mfumu igawira minda, wopereka manambala, ndi wokakamiza makampani kulumikiza makina ao kuti munthu wa kampani iyi athe kuimbira munthu wa kampani ina. Popanda kukakamiza kumeneku, kampani yaikulu ikanangotseka khomo, ndipo yaing'ono ikanafa isanayambe n'kukwawa komwe.

Zipatso zake sizinacedwe. M'caka comweco ca 1994, Yunivesite ya Zambia inayambitsa kampani ya Zamnet, ndipo dziko lathu linakhala limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kulumikizidwa ku intaneti. Zamtel inayamba kugulitsa malamya a m'manja mu 1995. Kampani ya Telecel inabwera mu 1997, ndipo inagulidwa ndi MTN mu 2005. Zamcell inayamba mu 1998, kenaka inachedwa Celtel, mu 2008 inakhala Zain, ndipo mu 2010 inatenga dzina la Airtel. Poyamba lamya ya m'manja inali ya mabwana, koma mpikisano unabweretsa timakhadi tokanda tolipiriratu, ndipo munthu wopanda malipiro a pa mwezi anayamba kugula mphindi zolankhulira monga agulira kapaketi ka shuga. Pofika 2023 manambala a lamya za m'manja amene anali kugwira nchito anapitirira 20 miliyoni, pamene kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni. Sikuti munthu aliyense ali ndi lamya, pakuti ambiri m'matauni asunga manambala awiri kapena atatu. Komabe kucoka pa 100,000 kufika pamenepa ndi ulendo wautali.

CIPATA COPITA KUNJA

Lamulo la 1994 linasiya khomo limodzi lotseka. Mau onse opita kunja kwa dziko kapena ocokera kunja anali kudutsa pa cipata cimodzi cokha, ca Zamtel. Pa pepala, kampani ina inali yololedwa kutsegula cipata cake, koma cilolezo cake cinali pa mtengo wa madola a ku America 12 miliyoni, mtengo umene palibe kampani inaulipira. Cotsatira cake, kuimbira mwana ku Johannesburg kapena ku London kunali kodula kwambiri, ndipo mabanja anali kulankhulana mothamanga, maso ali pa wochi.

Mu 2010 boma linatsitsa mtengo wa cilolezoco kufika pa madola 350,000. Makampani ena anatsegula zipata zao, ndipo mitengo yoimbira kunja inagwa nthawi yomweyo. Taonani mmene nambala imodzi yolembedwa m'pepala la boma inalili kulamulira utali wa nthawi imene mai angaceze ndi mwana wake wa kutali.

Kusintha kumeneku kunatsata lamulo lina lalikulu la 2009, lochedwa Information and Communication Technologies Act, limene linalowa m'malo mwa la 1994. Communications Authority inasanduka ZICTA, ndipo inapatsidwa mphamvu zoonjezera: kuyang'anira intaneti, kuona za mitengo, kuika miyezo ya nchito yabwino, ndi kuteteza ogula. Mphamvuzi zagwirapo nchito. Mu 2018 ZICTA inalipiritsa faindi makampani onse atatu, Airtel, MTN ndi Zamtel, cifukwa ca nchito yosafika pa miyezo.

Lamulo lomwelo linakhazikitsa thumba la ndalama lothandiza kufikitsa lamya ku madera akutali. Kampani yofuna phindu imanga mlongoti pamene pali anthu ambiri ogula, ndipo mudzi wa mabanja owerengeka m'cigwa ca Luangwa ungadikire mpaka kalekale. N'cifukwa cake makampani onse alamulidwa kusonkha ku thumbali. Boma linamanga milongoti 204 m'madera a mafumu m'gawo loyamba, ndipo mu 2017 linayambitsa gawo laciwiri la milongoti 1,009 ndi ngongole yocokera ku China. Ngakhale n'tero, ikalipo midzi imene munthu akwera pa culu kapena mu mtengo kuti lamya igwire. Mu 2021 ZICTA inapereka cilolezo kwa kampani yacinai, ya Beeline Telecom, imene igulitsa m'dzina la Zed Mobile, ndipo mu 2023 Starlink inaloledwa kugulitsa intaneti yotsika molunjika kucokera m'mlengalenga.

ZAMTEL: YAGULITSIDWA, YALANDIDWA, YALIPIRIDWA

Pa nkhani ya Zamtel dziko linaphunzira phunziro lowawa. Mpikisano utakula, kampaniyi inayamba kumira m'ngongole. Mu 2010 boma la a Rupiah Banda linagulitsa magawo 75 mwa magawo 100 a kampaniyo kwa LAP Green Networks ya ku Libya pa mtengo wa madola 257 miliyoni. Mkangano unali utayamba kale mu 2009 pa mmene boma linasankhira kampani yakunja yowerengera mtengo wa Zamtel, ndipo nkhaniyo inafika pa bwalo lapadera lofufuza. Kampani itagulitsidwa, anchito ambiri anacotsedwa.

A Michael Sata atapambana masankho a 2011, anakhazikitsa bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi nduna ya zacilungamo, a Sebastian Zulu, ndipo bungwelo linapeza kuti kugulitsako sikunayende mwa njira yake. Mu Januwale 2012 boma linalanda magawo aja. Ambiri anaomba m'manja. Koma mlandu suwola: eni magawowo anafuna malipiro, ndipo mu 2017 khoti la ku London linagamula kuti Zambia ilipire madola 380 miliyoni, ndalama zoposa zimene Zamtel inagulitsidwira. Sitiri pano kuti tiweruze boma ili kapena ilo. Cimene tiona n'cakuti cuma ca anthu onse cikagulitsidwa mosaonekera bwino, kenaka n'kulandidwa mofulumira, wolipira ndi munthu wamba, kudzera m'misonkho yake ndi m'mankhwala amene asowa m'cipatala.

NAMBALA YANU NDI DZINA LANU

Mpaka apa malamulo anali kuyang'ana makampani. Kuyambira 2011 anayamba kuyang'ana ife eni. M'caka cimeneco boma linalamula kuti nambala iriyonse ya lamya ilembetsedwe pa citupa ca mwini wake, ndipo kumayambiriro kwa 2014 manambala osalembetsa anazimitsidwa. Colinga cinali cakuti wakuba kapena woopseza anzake pa lamya asabisale. Ndi colinga cabwino, koma ciri ndi mbali ziwiri. Kuyambira pamenepo, kampani idziwa amene mwini nambala waimbira, nthawi imene waimba, ndi mlongoti umene lamya yake inali pafupi nao. Mau amene kale anali kupita ndi mphepo tsopano asiya mapazi.

Kulembetsa pakokha sikunathetse umbava. Ndani mwa ife sanalandirepo uthenga wocokera ku nambala yacilendo, womuuza kuti atumize ndalama ija pa nambala iyi, kapena kuti mwana wadwala ku sukulu? Mu Epulo 2024 a Drug Enforcement Commission, pamodzi ndi apolisi, analowa m'nyumba ina m'dera la Roma mu mzinda wa Lusaka, nagwira anthu 77 ndi kupeza timakhadi ta manambala toposa 13,000. Acinyamata a m'dziko muno anali atalembedwa nchito kumeneko kuti azinyenga anthu a m'maiko osiyanasiyana. Mu Juni caka comweco nzika 22 za ku China zinapatsidwa zilango za zaka kuyambira 7 kufika 11 m'ndende. Nkhaniyi iticenjeza kuti malamulo olimbana ndi mbava za pa intaneti ndi ofunikadi. Iticenjezanso kuti amene abwereketsa citupa cake kuti wina alembetsere nambala, wadziika yekha pa msampha, pakuti apolisi adzayamba kugogoda pa khomo la mwini citupa.

MSONKHO WOBISALA M'LAMYA

Lamya itafika m'manja mwa anthu mamiliyoni, inakhalanso khomo lapafupi lotolerapo msonkho. Mu 2017 msonkho wapadera wa pa mphindi zolankhulira unakwezedwa kucoka pa 15 kufika pa 17.5 pa 100 iriyonse. Mu Ogasiti 2018 nduna za boma zinabvomereza msonkho wa 30 ngwee pa tsiku kwa oimba kudzera pa intaneti, monga pa WhatsApp, ponena kuti kuimba kotere kunali kulanda malonda a makampani a lamya. Anthu anadandaula kwambiri, ndipo msonkhowo sunayambe kutoleredwa. Apa mau a anthu wamba anamveka.

Ndalama zotumiza pa lamya ziyang'aniridwa ndi Bank of Zambia, imene inapatsidwa mphamvu imeneyi m'lamulo la 2007 la njira zolipirira. Kuyambira Januwale 2024, munthu wotumiza ndalama kwa mnzake pa lamya alipira msonkho wina wa boma, pamwamba pa zimene kampani idula. Boma lisowadi ndalama zomangira misewu ndi kulipira aphunzitsi. Koma tisaiwale kuti amene adalira kwambiri njira imeneyi ndi amene alibe buku ku banki: mai wamasiye wolandira thandizo kwa ana ake, mlimi, wogulitsa pa msika. Mangwee ocepa kwa wolemera ndi mcere wa sabata kwa wosauka, ndipo aphungu pokambirana za ndondomeko ya cuma ayenera kukumbutsidwa zimenezi.

CAKA CA 2021: MALAMULO ATATU NDI TSIKU LA MDIMA

Mu Marichi 2021, kutatsala miyezi isanu kuti masankho acitike, a Edgar Lungu anasaina malamulo atatu. Loyamba linali la malonda ndi zikalata za pa intaneti. Laciwiri, Data Protection Act, ndilo bwenzi lathu limene ambiri sitilidziwa. Lamuloli likuti kampani, cipatala, sukulu kapena ofesi imene isunga mbiri yanu iyenera kukuuzani cifukwa cake, ndi kuigwiritsa nchito pa cifukwa cokhaco. Muli ndi ufulu woona zimene asunga, wokonzetsa zolakwika, ndi wokana kuti mbiri yanu igwiritsidwe nchito potsatsa malonda. Mbiri ya mwana siyenera kutengedwa popanda cilolezo ca kholo kapena womulera. Lamuloli linakhazikitsanso ofesi yomva madandaulo pa nkhani zotere.

Lacitatu, Cyber Security and Cyber Crimes Act, ndilo linautsa mkangano. Linaika zilango kwa oba pa intaneti, ozunza anzao, ndi ofalitsa zithunzi zolaula za ana, zimene kholo lirilonse lingayamikire. Koma linalamulanso makampani kuika makina othandiza boma kumvetsera mau ndi kuwerenga mauthenga a anthu. Mabungwe omenyera ufulu anadandaula, ndipo a Hakainde Hichilema, amene pa nthawiyo anali mtsogoleri wa cipani cotsutsa, anali mmodzi mwa olidzudzula.

Kenaka linafika tsiku la 12 Ogasiti 2021. Anthu ali pa mizere yoponya voti, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinaleka kugwira nchito m'dziko. Mabanja analephera kufunsana ngati ku malo ao kuli mtendere, amalonda analephera kulandira maoda, ndipo pamene nkhani zoona zinasowa, mphekesera zinapeza malo. Bungwe la Chapter One Foundation linathamangira ku Khoti Lalikulu, ndipo pa 13 Ogasiti khotilo linalamula kuti njirazo zitsegulidwe. Mlanduwo unatha mu Marichi 2022 ndi pangano lobvomerezedwa ndi khoti: ZICTA inalonjeza kuti sidzacita kanthu kunja kwa mphamvu zake za lamulo kamene kangatseke kuyenda kwa mauthenga, ndi kuti ngati intaneti yasokonezeka, idzafotokozera anthu cifukwa cake pasanathe maola 36.

Panganoli n'lofunika kulisunga m'mutu. Maziko ake ali m'Malamulo Aakulu a dziko, m'gawo 20, limene liteteza ufulu wolandira ndi kupereka maganizo, ndiponso liletsa kulowerera m'makalata a munthu. Makolo athu anali kudziwa kuti kalata ya mwini sitsegulidwa. Uthenga wa pa lamya ndiyo kalata ya masiku ano.

MALAMULO A 2025

Boma litasintha mu 2021, ambiri anayembekeza kuti lamulo lomvetsera lija lidzafewetsedwa. Zina zinasinthadi: mu Disembala 2022 mlandu wonyoza mtsogoleri wa dziko unacotsedwa m'malamulo, ndipo mu Disembala 2023 linasainidwa lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha zikalata za boma. Koma mu Epulo 2025 a Hichilema anasaina malamulo awiri olowa m'malo mwa lija la 2021, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, ndipo mkangano unayambiranso.

Malamulo atsopanowa anakhazikitsa bungwe la Zambia Cyber Security Agency pansi pa ofesi ya mtsogoleri wa dziko, ndipo anasunga udindo wa makampani wothandiza boma kumvetsera. Boma linafotokoza kuti colinga ndi kuteteza anthu ku mbava, ku ozunza ana ndi kwa ofuna kuononga makina a mabanki, a magetsi ndi a zipatala, ndi kuti kumvetsera kufuna cilolezo ca khoti. Otsutsa anayankha kuti mau ena m'malamulowa ndi otambalala kwambiri moti angakole mtolankhani kapena munthu wodzudzula boma, ndi kuti bungwe lokhala ndi mphamvu zotere siliyenera kukhala m'manja mwa ofesi ya ndale. Ofesi ya kazembe wa America inacenjeza nzika zake za malamulowa, ndipo bungwe la maloya la Law Association of Zambia linawatengera ku Khoti Lalikulu.

Mbali zonse ziwiri ziri ndi coona cake. Walira mvula walira matope: sitingapemphe apolisi kuti agwire mbava za pa lamya, kwinaku tikuwamana njira yozilondolera. Koma pali mau amene sayenera kumvedwa ndi khutu lacitatu popanda cifukwa cacikulu: a wodwala ndi dokotala wake, a woimbidwa mlandu ndi loya wake, a mkristu wopempha uphungu kwa wansembe, a mwamuna ndi mkazi wake. Conco mafunso oyenera kufunsa ndi awa. Kodi woweruza amene apereka cilolezo aonetsedwa umboni wokwanira? Kodi cilolezoco ciri ndi tsiku lothera? Kodi aphungu auzidwa caka ndi caka kuculuka kwa anthu amene anamvetseredwa? Nanga amene wamvetseredwa popanda cifukwa akadandaule kuti?

Mbiri ya zaka zapitazi yationetsa cinthu cimodzi: amene ali kunja kwa boma aopa malamulo otere, koma akalowa awapeza okoma. Lamulo likhalitsa kuposa amene analisaina, ndipo mkondo wosulidwa lero udzagwidwa ndi dzanja lina mawa. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. N'cifukwa cake lamulo labwino liyenera kulembedwa poganizira wolamula woipa amene angadzabwere, ngakhale wolamula wa lero atakhala munthu wabwino.

NANGA IFE TICITEPO CIANI?

Coyamba, tisunge bwino zimene ziri m'manja mwathu. Citupa canu cisalembetsere nambala ya munthu wina, ngakhale wacibale amene simudziwa bwino mayendedwe ake. Nambala yacinsinsi ya ndalama za pa lamya isaululidwe kwa wina aliyense, ngakhale woimbayo atanena kuti ndi wa ku kampani. Okalamba athu ndiwo agwa kawirikawiri m'misampha imeneyi. Ana ndi adzukulu akhale nao pansi ndi kuwafotokozera modekha.

Caciwiri, tiphunzire kudandaula m'njira yake. Ngati mphindi zanu zatha mosadziwika bwino, kapena mwalowetsedwa m'zinthu zolipira zimene simunapemphe, yambani mwadandaula ku kampani, ndipo lembani tsiku ndi nambala ya dandaulo lanu. Ngati simunathandizidwe, pitani ku ZICTA, imene iri ndi nambala yaulere ya 7070. Bungwe loyang'anira likhala ndi mano pamene ogula alibweretsera umboni. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.

Cacitatu, tisamale zimene titumiza. Uthenga umene tilandira m'gulu la WhatsApp la banja kapena la mphakati ndi kuupititsa kwa ena, usanduka wathu. Ngati uli wonamizira munthu, wonyoza mtundu wa anthu ena, kapena uli ndi cithunzi cocititsa wina manyazi, ungatifikitse pa bwalo la milandu, ndipo ngakhale usatifikitse kumeneko, waononga kale mbiri ya mnzathu. Makolo akambirane zimenezi ndi ana ao asanawagulire lamya.

Cacinai, tilankhule lamulo likali m'njira. Lamulo lisanabvomerezedwe lipita ku komiti ya aphungu, imene ilandira maganizo a mabungwe ndi a anthu. Phungu wanu akabwera kudzaceza m'dera, mufunseni za mlongoti umene unalonjezedwa, za msonkho wa pa ndalama zotumiza, ndi za mmene anavotera pa malamulo omvetsera. Msonkho wa 30 ngwee unaima cifukwa anthu analankhula. Intaneti inatsegulidwa mu 2021 cifukwa ena anapita ku khoti.

Mu 1994 dziko linazindikira kuti wosewera sayenera kukhalanso woimbira, ndipo nzeru imeneyo inafikitsa lamya ku Chama ndi ku Chadiza. Nzeru yomweyo ifunika lero pa mphamvu yomvetsera ndi kutseka: amene waipatsidwa akhale ndi womuyang'anira, m'khoti, m'Nyumba ya Malamulo, ndi pakati pa ife eni malamya.